Mwana akuima monyang'ama, apongozi akuti timukumbire dzenje

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji makolo anzanga. Ndine watsopano pagulu pano, wandilowetsa ndi mayi wina amene tinakumana pamzere wa fizio. Mwana wanga ndi wamwamuna, ali ndi zaka 3. Anabadwa masiku asanakwane, miyezi 7, ndipo kuchipatala anatiuza kuti ndi cerebral palsy (CP), vuto lobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo. Kukhala amakhala yekha, kukwawa amakwawa ngakhale amakoka miyendo yonse pamodzi. Akagwira mpando amadzuka n'kuima, koma amaima ndi zala zokha, zitendene m'mwamba, miyendo n'kupingasa. Mukamusiya amagwa nthawi yomweyo. Tsono apongozi anga abwera kuchokera kumudzi, akuti timukumbire dzenje lofika m'chiuno, tizimuimika m'menemo m'mawa uliwonse n'kukwirira ndi mchenga. Bambo ake akuti ayi, tigule woka ya matayala ija ya ana. Ine mutu waima. Ndithandizeni nzeru.

Anambewe (admin): Takulandirani amayi, khalani omasuka. Muno tonse katundu wake ndi yemweyo. Aphiri, a mafizo amene tili nawo muno, akaweruka kuntchito akuyankhani, pakadali pano ena ayambepo.

Agogo a Miracle: Dzenjelo musaliseke ana inu. Ife tinakula tikuliona. Mwana akachedwa kuyenda ankamuimika m'dzenje, ena ankamuika mumtondo, ndipo ankayenda ndithu. Mdzukulu wanga ndinamukumbirapo kuseri kwa khitchini.

Mayi a Favour: Agogo, amene ankayendawo mwina anali oti ayenda kale, anangochedwa chabe. Wanga tinamukwirira nyengo yonse ya chilimwe, chimene anatuluka nacho ndi matekenya.

Agogo a Miracle: Matekenya ndi nkhani ya pakhomo posasesa, mwana wanga, osati ya dzenje.

Bambo a Yamikani: Iii agogo mwayamba kale 😂 Mayi a Tadala, za woka ndikuuzeni ine. Imeneyo musagule. Mwana amakhala pa kansalu kaja atalendewera, pansi amangogunda ndi zala, ndiye kwa mwana amene akunyang'ama kale mukungomuphunzitsa zomwezo. Ndalama imeneyo ndi bwino muisunge ya thiransipoti yopitira ku fizio.

Aphiri (fizio): Madzulo abwino nonse. Mayi a Tadala, ndisanayankhe ndifunseko. Anayamba kukhala yekha osagwiriziza ali ndi msinkhu wanji? Manja amagwiritsa onse awiri? Akagona tulo, phazi mukalipinda molunjika kumsongolo limafika bwinobwino kapena limakana? Amakomoka?

Mayi a Tadala: Zikomo adokotala. Kukhala anayamba atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 2. Manja ali bwino, amadya yekha, amang'amba ndi mabuku a mkulu wake. Akagona phazi limapindika koma lakumanzere limalimbirako. Sakomoka.

Aphiri (fizio): Ine si dokotala amayi, ndine wa mafizo, muzingoti Aphiri. Ndipo zimene ndinene pano sizilowa m'malo mwa amene amamugwira mwanayo ndi manja kuchipatala kwanuko. Koma pa zimene mwafotokozazi pali nkhani yolimbikitsa. Mwana wa CP amene wakhala yekha asanakwanitse zaka 2 nthawi zambiri amadzayenda, kaya yekha kaya ndi chogwirira. Tsiku lake palibe angakuuzeni, ndipo wina akakuuzani tsiku mumukayikire.

Za woka Bambo a Yamikani anena zoona. Ku Canada anailetseratu kugulitsa mu 2004 chifukwa cha ngozi, ana kugubuduka nayo pamasitepe ndi kufikira zinthu zamoto. Kwathu kuno ganizirani mbaula ndi khonde lokwera.

Dzenje ndiye ndichedwepo, chifukwa agogo sakulakwitsa zonse. Nzeru yake ndi yoti mwana aime, thupi lake litsamire pa miyendo. Ifenso kuchipatala timachita zomwezo ndi choimikira ana chija chokhala ndi thebulo kutsogolo, chifukwa kuima kumalimbitsa mafupa, kumawongola minofu, kumathandizanso m'mimba kuti chimbudzi chisamavute. Vuto la dzenje ndi loti phazi simuliona. Pamwamba mwana akuoneka waima bwino, koma pansi pa mchenga wanyang'ama, mawondo agundana, ndipo wakhala choncho ola lathunthu. Chachikulu kuposa pamenepo, m'dzenje mwana sangagwe. Kuti asamagwe amaphunzira pamene wapendekeka pang'ono, ubongo n'kuzindikira, thupi n'kudzibweza lokha. Akapendekeka kambirimbiri n'kumadzibweza, ndiye kuima kumeneko. Dothi likamugwira mbali zonse, ntchito yonseyo laigwira ndi dothi.

Agogo a Miracle: Apo mwanena zomveka bambo. Koma mwavomera kuti makolo sanali opusa.

Aphiri (fizio): Ndavomera ndi manja awiri agogo. Ndipo chinanso chimene makolo anatisiyira ndi kubereka. Mwana wa miyendo yopingasa akaberekedwa kumbuyo, miyendo itakhanyula m'chiuno mwa mayi, ntchafu zimatambasuka mmene ife timafunira. Ongofunika kusamala ndi oti miyendo isamalendewere pamodzi m'kati mwa chitenje.

Mayi a Tadala: Ndiye tizipanga chiyani pakhomo? Ku fizio timapita kamodzi pamwezi, tikafika mzere ndi wautali, mwana amamugwira mphindi zochepa basi tabwerako. Kunyumba ndimangomusisita miyendo ndi mafuta madzulo.

Aphiri (fizio): Kusisita sikoipa, mwana amamva bwino ndipo amagona msanga. Kungoti vuto la CP silili m'miyendo, lili mu ubongo umene umatumiza uthenga ku miyendoyo. Ubongo umaphunzira chimene mwana wachita yekha. Chimene wachitiridwa atagona chagada saphunzirapo kanthu kwenikweni. Ulendo wa kamodzi pamweziwo muziutenga ngati wokatenga ntchito ya kunyumba, ndipo muziwafunsa kuti akuonetseni inuyo ndi manja anu musanatuluke.

Yambani ndi kampando kakafupi, koti akakhala mapazi onse aponde pansi, zitendene zomwe. Patsogolo pake ikani benchi kapena thebulo lofika pamchombo. Chimene amachikonda, kaya galimoto ya mawaya kaya chitumbuwa, chiikeni pathebulopo kuti adzuke yekha achitenge, kenako akhalenso pang'onopang'ono osadzigwetsa. Kudzuka ndi kukhala kumeneku kumalimbitsa ntchafu ndi matako, ndipo ana ambiri a miyendo youma, pansi pa kuumako minofu yawo ndi yofooka. Akaima, sunthani chinthucho chipite kumanja kutali pang'ono kuti atambasule dzanja, thupi litsamire mwendo umodzi. Kenako kumanzere. Mukatero ayamba kuyenda chammbali atagwira benchi. Kuponda sitepe n'kutsamira mwendo umodzi kuti winawo upepuke, basi, ndipo mwana amene sanaphunzire zimenezi sanganyamule phazi.

Pomugwira, gwirani m'chiuno muli kumbuyo kwake, mutagwada. Musamukweze manja m'mwamba n'kumamuyendetsa mmene timachitira ndi ana ena. Mukatero amalendewera pa inu, mutu umapita kumbuyo, miyendo imakungika n'kupingasa kwambiri. Mukamugwira m'chiuno mumamva nokha pamene wayamba kudzigwira, ndiye mumafewetsa manja, mawa mumagwira ndi zala ziwiri, tsiku lina mwangogwira malaya.

Bambo a Yamikani: Za nsungwi muwauzenso Aphiri. Kapena ndinene ndine, poti ndine kalipentala. Ine ndinazika mafoloko anayi a bulugamu pabwalo, awiri uku awiri uko, n'kugoneka nsungwi ziwiri pamwamba ngati njanji. Kutalika kwake ndinayeza pa mwana ataimikidwa manja ali m'mbali, nsungwi ifike pamene pali mfundo ya dzanja. Mukakweza kwambiri amakolekapo m'khwapa. Nsungwizo muzipale bwino ndi sandipepa, zili ndi timinga tosaoneka. Pansi ndinagoneka thabwa chamulitali pakati, loimirira m'mbali mwake, kuti phazi lililonse liziyenda mbali yake, lisadumphire kwa linzake. Mafoloko ndinawotcha kunsi chifukwa cha chiswe. Yamikani poyamba ankakana, kulira ngati tikumupha. Zinasintha pamene ndinamangirira wailesi kumapeto kwake, kuti akafuna kusintha siteshoni ayende akaipeze.

Mayi a Favour: Wailesi 😂😂 abambo inu ndinu achinyengo.

Bambo a Yamikani: Pano amakankha mpando wapulasitiki pabwalo, ndinaikapo chigubu cha malita 5 cha madzi kuti usamathamange. Akazolowera ndichepetsa madziwo.

Achimwene Dalitso: Makolo, pali mankhwala achilengedwe ochokera kunja amene amadzutsa maselo a mu ubongo. Ana ambiri ayenda pa masabata atatu okha. Botolo limodzi ndi lokwanira mwezi. Ofuna andipeze ku inbox.

Anambewe (admin): Achimwene, lamulo lachiwiri la gulu lino mukulidziwa. Uthengawu ndaufufuta ndipo mukabwereza ndikutulutsani. Makolo, muno muli anthu amene anagulitsa mbuzi ndi malata chifukwa cha mabotolo oterewa. Palibe mankhwala akumwa amene amabwezeretsa ubongo umene unavulala.

Aphiri (fizio): Zikomo Anambewe. Mankhwala amene alipo, monga baclofen ndi diazepam, ndi ofewetsa minofu basi, amalemba ndi adokotala, ndipo amatha kumufoola mwana kapena kumugonetsa. Pali ana ena amene kuuma komweko ndi kumene kumawaimika, mukawafewetsa kwambiri amangoti lobodo. N'chifukwa chake si ogula pa famase mwa inu nokha.

Mayi a Chikondi: Ine ndakhala ndikuwerenga chete, koma ndilankhuleko, mundikhululukire ngati ndikhumudwitse wina. Gulu lino nkhani imakhala kuyenda, kuyenda, kuyenda. Wina akaponya video ya mwana wake akuponda masitepe atatu, tonse timaombera m'manja, ine ndemwe. Nanga ife amene ana athu sadzayenda? Chikondi ali ndi zaka 9. Anabanika pobadwa, sanalire, anakhala pa okosijeni. Khosi mpaka lero salimbitsa bwino. Zaka zonse zija ndinkauzidwa kuti limbikirani mafizo ayenda, kutchalitchi akuti chikhulupiriro chanu n'chochepa, kwa apongozi akuti bambo ake anamukhwimira kuti bizinesi iyende. Palibe anandikhazika pansi kundiuza zoona. Tsiku limene anapatsidwa mpando womugwira bwino msana ndi mutu, n'kukhala nafe pakhonde akuona anthu akudutsa m'malo moona denga, ndi tsiku limene pakhomo pathu panasintha. Kutsamwa pakudya kunachepanso. Zimenezo palibe amaziombera m'manja.

Anambewe (admin): Mwalankhula asisi, ndipo simunakhumudwitse munthu.

Thoko: Mayi a Chikondi zikomo. Ine muno sindine kholo, ndine mwini wake wa CP, ndili ndi zaka 27. Ndimayenda ndi ndodo ziwiri. Ndili mwana amayi anga ankakana njinga ya olumala, ati ndikaikwera ndichita ulesi. Ndiye kusukulu ndinkayenda, ndithu, koma ndinkafika belu litalira kalekale, thukuta lili kamukamu, mawondo ali ndi zilonda, ndipo piriyodi yoyamba ndinkangogona pa desiki. Nditapeza njinga ndili Fomu 1 sindinasiye kuyenda. M'kalasi ndi m'nyumba ndodo, mtunda wautali njinga. Makolo dziwani kuti ife kuyenda kumatidyera mphamvu zambiri kuposa inu. Muzimufunsanso mwanayo kumene akufuna kukafika. Ine ndinkafuna kukafika kumene anzanga akusewera masewera asanathe.

Aphiri (fizio): Thoko ndi Mayi a Chikondi anena chimene ife a chipatala timachizemba. Pali muyeso umene timagwiritsa ntchito, dzina lake GMFCS, unatuluka ku Canada mu 1997. Umagawa ana a CP m'magulu 5. Gulu 1 amayenda paliponse, kungoti kuthamanga ndi kudumpha kumavutirapo. Gulu 2 amayenda okha koma pamasitepe amafuna chogwira, ndipo pokumbikakumbika kapena mtunda wautali amavutika. Gulu 3 amayenda ndi ndodo kapena chogwirira. Gulu 4 kwambiri amadalira njinga. Gulu 5 amavutika kulimbitsa khosi ndi msana, amafuna kuthandizidwa pa chilichonse. Mwana akapitirira zaka 2, kawirikawiri amakhala m'gulu lomwelo mpaka kukula. Mafizo amamuthandiza kufika pamene gulu lake lingafike, ndi kuteteza kuti asapindike. Mayi amene mwana wake ali gulu 5 sanachite ulesi, ndipo wa gulu 1 sanapemphere kuposa mnzake. Funsani amene amaona mwana wanu kuti ali gulu liti. Ndi ufulu wanu kudziwa.

Mayi a Blessings (Leeds, ku England): Ndionjezereko za chiuno. Kuno ana a CP amawajambula X-ray ya m'chiuno nthawi ndi nthawi ngakhale sakudandaula, makamaka amene sayenda. Anayambitsa ndi a ku Sweden mu 1994, ataona kuti fupa la ntchafu limaguluka pang'onopang'ono chifukwa cha kukoka kwa minofu, mwakachetechete, podzadziwika mwana akumva kale ululu. Mwana wanga anamupeza nalo msanga chifukwa cha zimenezo. Kumudziko sindikudziwa ngati amachita okha, koma inu mukhoza kupempha.

Aphiri (fizio): Kuno ambiri timajambula pokhapokha tikakayikira, ndiye kupempha n'kofunika. Zizindikiro zake pakhomo: mwana akulira mukamamutambasula miyendo pomusambitsa kapena pomuveka thewera, mwendo wina ukuoneka waufupi, kapena kubereka kwayamba kuvuta chifukwa miyendo sikukhanyulanso. Mayi a Chikondi, kwa ana ngati Chikondi nkhani imeneyi ndi yaikulu kuposa kwa oyenda.

Mayi a Chikondi: Kumubereka ndinasiya chaka chatha, ndinkayesa ndi kulemera chabe. Ndikapita ndikafunsa.

Mayi a Tadala: Nanga zoti zitendene zifike pansi? Ndimaona ana ena avala mapulasitiki m'miyendo.

Aphiri (fizio): Amenewo ndi ma AFO, amagwira kuyambira pansi pa bondo mpaka kuphazi kuti chitendene chiponde. Amaumba poyeza mwendo wa mwanayo, choncho musabwereke a mwana wina kapena kugula pa kaunjika. Ku Lilongwe amapanga pa Kamuzu Central, ku Mzuzu Central amapanganso, ku Blantyre kuli malo opangira zimenezi pa Queens. Wa fizio wanu ndi amene angakutumizeni. Phazi lakumanzere mwati limalimbalo akalione bwino. Nthawi zina timayamba ndi chikhakha, kusintha sabata ndi sabata, kuti katumba atambasuke. Zikakanika ndi pamene madokotala a mafupa, monga a ku Beit CURE ku Blantyre, amaganiza za opareshoni yotalikitsa mtsempha, koma pa zaka 3 sathamangira, chifukwa mwana akamakula umatha kufupikanso, ndipo ukatalikitsidwa mopitirira amayenda chonjuta mawondo atapinda, zimene n'zovuta kukonza.

Mayi a Favour: Ma AFO akewo konzekerani nsapato. Wanga anafunika nsapato yokulirapo masaizi awiri, yotsegula kwambiri kukamwa, ndipo ndinachotsa kansalu ka m'kati kaja. Sokosi zazitali za thonje, zopanda makwinya. Mukavula muziyang'ana khungu pa akakolo ndi pachitendene. Pakafiira n'kukhalitsa osabwerera, musamuvekenso, bwererani nawo akakonze. Ine kwina anandibweza kawiri ati wopanga kulibe, mwana mpaka anakula kuposa muyeso umene anamuyeza, tinayambiranso. Muzitenga nambala ya foni ya pamalopo musanawononge thiransipoti.

Bambo a Prince: Pepani ndilowererepo ndi langa. Wanga ndi wamwamuna wa zaka 5. Iye anabadwa bwinobwino, anayenda bwinobwino, koma chaka chino akugwa pafupipafupi, akunyang'ama, ndipo akakhala pansi podzuka amayamba wagwira pansi, kenako mawondo, kenako ntchafu, kukwera thupi lake lomwe ndi manja. Akatumba ake ndi akuluakulu moti anthu amati adzakhala wampira. Ndimupangire nsungwi zomwezi?

Aphiri (fizio): Bambo a Prince, ayi, inu yambani mwapita naye kwa dokotala wa ana ku chipatala chachikulu, sabata ino ngati n'kotheka. CP siyamba mwana atayenda kale bwinobwino popanda chimene chamuchitikira, ndipo siimulanda zimene ankatha. Mwana amene akubwerera m'mbuyo ndi nkhani ina. Zimene mwafotokozazo zimaoneka pa matenda ena a minofu amene amagwira anyamata, ndipo pali kuyeza magazi kumene kumathandiza kudziwa. Pafoni sindinganene kuti ndi zimenezo. Mujambuleni video akudzuka pansi mukawaonetse, ndipo ngati kuchikazi kwa mayi ake kunakhalapo mnyamata wa vuto lotere mukanene. Pakadali pano musamukakamize mafizo olemetsa, minofu yotere imaonongeka mukaitopetsa.

Bambo a Prince: Mwandiopsa Aphiri. Malume ake a mayi ake anamwalira ali mnyamata atasiya kuyenda, koma ankati ndi zamatsenga.

Anambewe (admin): Limbani mtima bambo, pitani kaye mukamve. Ndikuimbirani madzulo ano.

Agogo a Miracle: Tikupemphererani bambo. Wanga Miracle nayenso anayenda kale, koma iye anadwala malungo aakulu ali ndi zaka 4, anakomoka masiku angapo, podzuka osayenda, osalankhula. Pano akuyenda modzandira ngati woledzera, miyendo atatangadza. Iyeyu miyendo siyouma ayi. Zake n'zofanana ndi za Tadala?

Aphiri (fizio): Zosiyana pang'ono agogo. Wanuyo chovuta ndi kulunjika ndi kudzigwira, ndiye ma AFO mwina sangafunike. Muziyenda naye malo osiyanasiyana: pabwalo posalala, pa udzu, pamchenga, pokwera pang'ono, potsika. Jambulani mizere iwiri pansi ndi khala ayende pakati pake, masiku akamapita muziiyandikizitsa. Gonekani timitengo adumphe. Amenye mpira wachikulunga, chifukwa pomenya amaima ndi mwendo umodzi osadziwa. Anyamule kapu ya madzi kukapatsa nkhuku. Ana a malungo a mu ubongo ambiri amasintha ndithu m'miyezi ndi zaka zoyambirira. Ngati akumwa mankhwala a khunyu musadumphitse, koma kudzandirako kukachuluka atangosinthidwa mankhwala, kaawuzeni adokotala, ena amachititsa zimenezo. Ndipo azigona m'neti.

Mayi a Tadala: Ndawawerengera apongozi zonsezi. Akuti dzenje alisiya, koma nsungwi akadula okha kudambo chifukwa ife a m'tauni sitidziwa yokhwima. Bambo a Yamikani, pakati pa nsungwi ziwirizo pazitalikirana bwanji?

Bambo a Yamikani: Yezani mapewa a mwanayo, muonjezere chikhatho chanu chimodzi mbali iliyonse. Mukatalikitsa amayenda atatambasula manja, mphamvu zimathera pamenepo. Mafoloko musathire simenti, mwana akukula, pakatha miyezi ingapo mudzafuna kukweza. Ndikafika kunyumba ndijambula zanga ndiponye muno, pano ndili kumaliro ku Chinamwali netiweki ikuvuta.